Kaphikidwe ka Supu wa Tomato ndi Nsomba: Msuzi Uyambe, Nsomba Zitsirize

Munthu amene anazolowera kuphika nyama ya ng'ombe amadziwa kuti poto akakhalitsa pamoto ndiye kuti zinthu zikuyenda bwino, chifukwa nyama yolimba imafewa ndi nthawi ndipo msuzi wake umanka nukoma. Chizolowezi chimenechi ndi chimene chimawononga supu wa nsomba m'makhitchini ambiri. Wophika amathira nsomba, tomato, anyezi ndi madzi nthawi imodzi n'kuvundikira, ndipo akamadzavundukula patapita ola amapeza nsomba zanyenyeka ngati utuchi, ma prawns, omwe ndi tizamoyo ta m'nyanja tamakoko ta gulu la nkhanu, alimba ngati mphira, pamene msuzi ukadali wamadzimadzi, wopanda kukoma kulikonse. Supu ameneyu ndi ntchito ziwiri zosiyana zimene zimangokumana kumapeto. Ntchito yoyamba ndi ya msuzi, ndipo imafuna pafupifupi ola lathunthu, pamene yachiwiri ndi ya nsomba ndi zina za m'nyanja, zimene zimapsa pasanathe mphindi 10.

Chifukwa chake chili m'thupi la nsombayo. Mnofu wa nsomba unapangidwa ndi timagawo tifupitifupi tosanjikizana, tolumikizidwa ndi kanembanemba kopyapyala kamene kamasungunuka pa kutentha kochepa kwambiri poyerekeza ndi mitsempha ya nyama ya kumtunda. Nsomba ikafika pa madigiri 63 a Celsius pakati pake ndiye kuti yapsa, ndipo kutentha kulikonse kopitirira pamenepo kumangofinya madzi mumnofu n'kuusiya wouma. Tomato, anyezi ndi minga zimafuna zosiyana ndi zimenezi, pakuti kukoma kwake kumatuluka pang'onopang'ono.

Supu wotere amaphikidwa m'madoko ambiri pansi pa mayina osiyanasiyana. Ku Livorno m'dziko la Italy amamutcha cacciucco, ku Marseille m'dziko la France kuli bouillabaisse, ndipo ku San Francisco m'dziko la America kuli cioppino, amene anayamba ndi asodzi ochokera ku Italy chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Onsewa anayamba ngati chakudya cha asodzi chophikidwa ndi nsomba zotsala pa malonda a tsikulo, choncho musadzivutitse ndi kufunafuna mtundu umodzi wa nsomba ngati kuti popanda umenewo supu sangatheke. Chimene chikufunika ndi kudziwa khalidwe la chilichonse chimene mukuika m'poto.

Kusankha nsomba ndi zinzake

Miyezo imene ndikupereka pano ikukwanira anthu 6. Mufunika magalamu 600 a mnofu wa nsomba yoyera yolimba, magalamu 400 a ma prawns osasenda, magalamu 500 a ma mussels, omwe ndi nkhono za m'nyanja za zigoba ziwiri zakuda, ndiponso pafupifupi kilogalamu imodzi ya mitu ndi minga ya nsomba yophikira msuzi. Amene amakonda squid, chamoyo cha m'nyanja chofewa, chopanda minga ndiponso cha miyendo yambiri kumutu, angathe kuwonjezera magalamu 250. Ngati china mwa zimenezi sichikupezeka, onjezani chimene chilipo, chifukwa supu wa nsomba ndi ma prawns okha amakoma ndithu, ndipo ine ndimaona kuti mitundu iwiri yophikidwa bwino imaposa mitundu isanu yophikidwa mothamanga.

Nsomba yoyenera ndi ya mnofu woyera wosaphwanyika msanga, monga hake, cod, snapper, sea bass kapena monkfish. Nsomba zamafuta ambiri monga mackerel ndi sardines zili ndi fungo lamphamvu limene limaphimba china chilichonse m'poto, ndipo minga yake imachititsa msuzi kukhala wamafuta ndi wolemera m'kamwa, choncho ndi bwino kuzisungira kuwotcha. Mukamagula nsomba yathunthu, yang'anani maso ake, amene ayenera kukhala owala ndi otukuka, osati olowa m'kati kapena otuwa. Tsegulani m'mbali mwa mutu muone makha, ziwalo zija zimene nsomba imapumira, ngati ali ofiira bwino osati abulauni. Dinikizani mnofu ndi chala, ndipo ukabwerera m'malo mwake osasiya chibowo ndiye kuti nsombayo ndi yatsopano. Koma woweruza wamkulu ndi mphuno, ndipo pamenepa musachite manyazi kununkhiza pamaso pa wogulitsa: nsomba yabwino imangomveka kafungo ka madzi a m'nyanja, pamene yoyamba kuwonongeka imatulutsa fungo lobaya m'mphuno. Tomato ndi adyo sizibisa nsomba yoipa, ndipo pali poizoni wina amene satha ndi kuphika. Mwachitsanzo, nsomba za gulu la tuna ndi mackerel zikakhalitsa pamalo otentha zimapanga histamine, amene amadwalitsa munthu ngakhale nsombayo itawiritsidwa chotani.

Nsomba ya mufiriza si yonyozeka, ndipo nthawi zambiri imaposa imene yagona masiku angapo pa ayezi wosungunuka. Chofunika n'kuisungunula usiku wonse mufiriji ili m'mbale, osati padzuwa kapena m'madzi otentha, kenako n'kuipukuta ndi kansalu koyera kuti iume.

Ma mussels ndiwo amafuna maso kwambiri, chifukwa amayenera kulowa m'poto ali amoyo. Agulidwe kwa wogulitsa wodalirika, osati otoledwa pagombe paliponse, pakuti nkhono zimenezi zimadya posefa madzi ndipo zimasunga poizoni wa ndere zina amene satha ndi moto. Mukafika nawo kunyumba, aikeni m'mbale mufiriji mutawafunditsa nsalu yonyowa, osawamiza m'madzi kapena kuwamanga m'pulasitiki, chifukwa amafa akasowa mpweya. Nthawi yophika ikayandikira, atsukeni limodzilimodzi pamadzi ozizira, palani zomata pachigoba, ndipo zulani ulusi umene umatuluka m'mbali mwake ngati ndevu. Lililonse losweka litayidwe. Limene lili chiyasamire ligogodeni pang'ono pamphepete pa mbale n'kudikira kamphindi, ndipo likadzitseka ndiye kuti lili moyo, koma likangokhala chitsegukire ndi lakufa ndipo litayidwe mosanyinyirika.

Ma prawns asendeni, koma mitu ndi makoko musataye ngakhale chimodzi, chifukwa m'menemo ndi mmene muli theka la kukoma kwa supu yense. Chekani pang'ono kumsana kwa lililonse n'kuchotsa kamtsempha kakuda, kamene kwenikweni ndi matumbo ndipo nthawi zina kamakhala ndi mchenga. Mnofu wa nsomba uduleni m'zidutswa zikuluzikulu za masentimita 4 kapena 5, pakuti zing'onozing'ono zimasowa mumsuzi. Wazani kamchere pang'ono pazidutswazo, kamene kamathandiza kuti mnofu ugwirane, ndipo zonsezi zibwerere mufiriji mpaka nthawi yake itakwana.

Msuzi wa minga

Ambiri amalumpha gawo limeneli n'kuthira madzi wamba kapena kachibulu ka msuzi kogula, ndipo supu wawo amatuluka ngati tomato wowiritsa amene nsomba yangodutsamo. Komatu ntchito yake si yaikulu. Tengani mitu ya nsomba ija, chotsani makha onse ndi mpeni kapena lumo lakukhitchini, ndipo tsukani magazi oundana amene amakhala m'mbali mwa fupa la msana. Pamenepa ndikunena zimene ndinalawa ndekha: tsiku lina ndinachita ulesi n'kusiya makha pamitu iwiri, ndipo msuzi wonse unatuluka wotuwa ndi wowawa kukhosi, moti ngakhale shuga ndi ndimu sizinathe kuupulumutsa. Ngati minga ili ndi magazi ambiri, iviikeni m'madzi ozizira kwa mphindi 15 n'kutaya madziwo.

Terekani poto wamkulu, thiranimo supuni imodzi ya mafuta, ndipo akatentha ikanimo mitu ndi makoko a ma prawns. Kazingani kwa mphindi 4 kapena 5 mukudinikiza mituyo ndi mthiko kuti madzi a m'kati mwake atuluke. Mudzaona makoko otuwa aja akusanduka ofiira ngati njerwa, mafuta akuyamba kuoneka achikasu chofiirira, ndipo fungo la m'khitchini lidzasintha kuchoka pa la nsomba yaiwisi n'kukhala lotsekemera ngati la chinthu chowotcha. Zikatero ikanimo minga ndi mitu ya nsomba, theka la anyezi, masamba awiri a bay ndi timbewu tingapo ta tsabola wakuda, kenako thirani malita 1.5 a madzi ozizira. Madzi akhale ozizira ndithu, chifukwa akamatentha pang'onopang'ono zinyalala zimasonkhana pamwamba ngati thovu lotuwa limene mungathe kuliwengula ndi chipande, pamene madzi owira kale amazimwaza mumsuzi monse.

Poto akangoyamba kuwira, chepetsani moto kufikira pamene timathovu tikungotumphuka apo ndi apo, ndipo musavundikire kapena kutakasa. Mphindi 20 mpaka 30 n'zokwanira. Minga ya nsomba ndi yopyapyala ndipo imapereka zonse zimene ili nazo m'nthawi yochepa imeneyo, koma ikapitirira kwambiri imayamba kutulutsa kakomedwe kowawa konga choko. Sefani msuziwo pa sefa yothina, ndipo ngati muli ndi nsalu yoyera yopyapyala iyaleni pamwamba pa sefayo kuti kamunga kalikonse kasadutse. Mudzatsala ndi lita imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Musathire mchere panobe. Ngati pamasaya a mituyo pali mnofu, utoleni n'kuusunga, chifukwa ndi wofewa kuposa wina uliwonse ndipo mudzaubwezera m'poto kumapeto.

Tomato ndi maziko a kukoma

Pamene msuzi wa minga uli pamoto, konzani zina. Mufunika anyezi awiri apakatikati oduladula bwino, timapesi tiwiri ta selari, timano 5 ta adyo, supuni ziwiri za tomato paste, ndi tomato weniweni. Amene angapeze fennel, chomera chonunkhira cha mutu woyera wonga wa anyezi, mutu umodzi wodula mopyapyala umagwirizana kwambiri ndi nsomba, ndipo ukasowa theka la supuni yaing'ono ya njere zake limachita ntchito yomweyo.

Nkhani ya tomato ndi yofunika kuikhalira pansi. Tomato wamuwisi amakoma pokhapokha ngati wapsa bwino, wofiira mpaka m'kati, wolemera m'manja ndi wonunkhira pakaphata pake. Wotereyu mufunika kilogalamu imodzi. Mucheke kamtanda kumunsi kwa aliyense, mumuviike m'madzi owira kwa masekondi 30, kenako m'madzi ozizira, ndipo khungu lidzasendeka lokha ndi zala. Khungulo liyenera kuchoka chifukwa silisungunuka pophika, limangopindika n'kumayandama mu supu ngati timapepala. Koma madzi oterera ozungulira njere musawataye monga amachitira ena, pakuti m'menemo ndi mmene muli kukoma kwambiri kwa tomato. Ngati tomato amene alipo ndi wotuwa, wolimba ndi wopanda fungo, musakakamire, gulani zitini ziwiri za tomato wosenda za magalamu 400 chilichonse. Tomato wa m'chitini amathyoledwa atapsa, ndipo pa supu ameneyu amaposa kutalitali wamuwisi wosakhwima. Ndimakonda wathunthu amene ndimamufinya ndekha ndi manja m'mbale, chifukwa woduliratu kufakitale nthawi zambiri amathiridwa mankhwala olimbitsa ndipo sasungunuka bwino.

Pali chifukwa chimene tomato ndi nsomba zimayenderana chonchi. Tomato wakupsa ali ndi glutamate wambiri, chinthu chimene katswiri wa ku Japan, Kikunae Ikeda, anachizindikira m'chaka cha 1908 kuti ndicho gwero la kukoma kotchedwa umami, pamene nsomba ili ndi chinthu china chotchedwa inosinate. Ziwirizi zikakumana palilime, kukoma kwake sikungophatikizana chabe koma kumachulukana, ndipo n'chifukwa chake msuzi wa minga ndi tomato, zimene pazokha sizimveka zamphamvu, zimatulutsa supu wodzaza m'kamwa popanda kuthira zokometsera zogula.

Poto wophikira akhale wa chitsulo chosachita dzimbiri kapena wokutidwa ndi enamel, wokhuthala pansi ndi wotakata. Poto wa aluminiyamu kapena wa chitsulo chakuda chosakutidwa amalimbana ndi asidi wa tomato, ndipo supu akakhalitsamo amamveka chitsulo m'kamwa. Thiranimo supuni 4 za mafuta, makamaka a olive ngati alipo, ndipo ikanimo anyezi, selari ndi fennel pamodzi ndi kamchere kotsina ndi zala. Moto ukhale wapakati kapena wocheperapo, ndipo muzitakasa kawirikawiri kwa mphindi 10 mpaka 12, kufikira anyezi atafewa, ataoneka ngati galasi ndiponso atayamba kutsekemera. Pano m'pamene anthu amathamanga, n'kukweza moto kuti anyezi afiire msanga, koma anyezi wopserera kunja ali wamuwisi m'kati amasiya kuwawa kumene sikuchoka. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa supu amene nkhono zake zikudikira mufiriji mawuwa akugwira ntchito kawiri.

Adyo alowe anyezi atafewa kale, ndipo akhale mphindi imodzi yokha, pamodzi ndi tsabola wowawa malinga ndi mmene apanyumba amakondera. Kenako kankhirani zonse m'mbali mwa poto, ikani tomato paste pakati pamene pali mafuta, ndipo mumukazinge kwa mphindi ziwiri kapena zitatu mpaka atachoka pa kufiira kowala n'kukhala wofiira moderako, akuyamba kumata pansi. Kukazinga kumeneku kumachotsa kafungo ka chitini, komanso kumachititsa kuti mtundu wofiira wa tomato, umene umasungunuka m'mafuta osati m'madzi, ufalikire bwino. Mukatero thirani mamililita 200 a vinyo woyera wosatsekemera, palani zomata pansi pa poto ndi mthiko, ndipo mulole awire mpaka atatsala theka ndi fungo la mowa litatha. Amene sagwiritsa ntchito vinyo athire chipande chimodzi cha msuzi wa minga uja kuti apale nacho pansi pa poto, ndipo kuwawasa kumene vinyo akanapereka adzakupeza kumapeto ndi madzi a ndimu.

Tsopano thirani tomato, ndipo mumuphike yekha osathira msuzi kwa mphindi 15, poto ali chivundukulire. Chizindikiro chakuti wapsa n'chooneka ndi maso: madzi amachepa, zidutswa zimasungunuka, mthiko ukadutsa pansi umasiya kanjira kamene sikatsekeka msanga, ndipo timadontho ta mafuta ofiira timayamba kupatukana m'mphepete mwa poto. Pamenepo m'pamene muthire msuzi wa minga, n'kusiya zonse ziwire pang'onopang'ono kwa mphindi zina 20 kuti zigwirizane.

Lawani. Msuzi umenewu uyenera kukoma pawokha nsomba zisanalowe, chifukwa m'mphindi zochepa zotsalazo palibe chozizwitsa chimene chidzachitike. Ngati ukuwawasa kwambiri, chiyambi chake nthawi zambiri n'chakuti tomato sanapse mokwanira, choncho yambani mwauwonjezera mphindi 10 pamoto, ndipo zikakanika thirani theka la supuni yaing'ono ya shuga. Ngati uli wamadzimadzi, uwiritseni chivundukulire mpaka utachepa, osathira ufa, umene umaphimba kukoma n'kusandutsa supu kukhala phala. Ngati wakhuthala kwambiri, madzi otentha pang'ono amaukonza. Supu wabwino amapaka kumbuyo kwa supuni pang'ono chabe koma amamweka. Mchere uthireni mosakwanitsa dala, chifukwa ma mussels akatseguka amatulutsa madzi amchere kwambiri, ndipo amene wakoleretsa mchere panopa adzapeza kuti wapitirira. Ena amakonda kupera theka la msuziwu ndi makina kuti usalale, koma ine ndimausiya ndi tizidutswa take. Ubwino wina wa gawo lonseli n'ngwakuti mungathe kulikonza dzulo lake n'kulisunga mufiriji, ndipo likagona limakoma kuposa.

Mphindi khumi zomaliza

Musayambe gawo ili anthu asanakhale pafupi ndi tebulo, mbale zisanatenthedwe ndiponso buledi asanadulidwe, chifukwa supu ameneyu ndi amene amadikiridwa, iye sadikira munthu. Msuzi ukhale ukuwira mofatsa, osati kubwata mwamphamvu, pakuti thovu lalikulu limagubuduza zidutswa za nsomba mpaka kuziphwanya.

Zinthu zimalowa motsatana, kuyambira chimene chimachedwa kupsa. Yambani ndi ma mussels, vundikirani, ndipo dikirani mphindi ziwiri. Mukavundukula mudzapeza ena ayamba kuyasama. Ikani zidutswa za nsomba pamwamba, n'kuzimiza mofatsa ndi kumbuyo kwa chipande, ndipo kuyambira pamenepa mthiko upume, chifukwa kutakasa kulikonse kumanyenya nsomba. Ngati mukufuna kuti zinthu zisamate pansi, gwirani poto m'makutu ndi nsalu n'kumugwedeza pang'ono. Vundikiraninso kwa mphindi zitatu, kenako ikani ma prawns, amene amangofuna mphindi ziwiri kapena zitatu. Prawn yakupsa bwino imasanduka yofiirira, mnofu wake suonekeranso m'kati, ndipo imapindika pang'ono ngati chilembo cha C, koma ikapindika mpaka mutu ndi mchira kukumana ndiye kuti yapitirira. Nsomba yakupsa imayera mpaka pakati ndipo timagawo take timalekana mukaibaya ndi nsonga ya mpeni. Phulani poto nsombayo itatsala pang'ono kufika pamenepo, chifukwa kutentha kwa msuzi kumapitiriza kuiphika pamene mukupakula.

Squid ali ndi khalidwe lakelake limene limasokoneza anthu ambiri. Amafewa akaphikidwa kwa mphindi imodzi kapena ziwiri zokha, kapena akaphikidwa kwa nthawi yaitali yopitirira mphindi 40, koma pakati pa nthawi ziwirizi amalimba ngati lamba. Choncho muli ndi njira ziwiri: kumudula timphete topyapyala n'kumuika pomalizira penipeni, ma prawns atatsala ndi mphindi imodzi, kapena kumuika pachiyambi pamodzi ndi tomato kuti aphikike nthawi yonseyo. Njira yachiwiriyi ndi imene ndimaikonda, chifukwa imapereka kukoma kwina mumsuzi ndipo siifuna kuyang'ana wotchi. Nkhanu nayonso imalowa bwino mu supu ameneyu: yaiwisi yodula pakati iyambe kulowa mphindi 10 ma mussels asanalowe, pamene mnofu wake wophika kale ungotenthedwa pamapeto.

Ma mussels amene akana kutseguka anzawo onse atayasama achotseni n'kuwataya. Mukatero lawaninso msuzi, ndipo tsopano m'pamene mukoleretse mchere. Finyiranimo theka la ndimu, wazani parsley wodula wodzaza dzanja, ndipo ngati muli ndi mafuta abwino a olive dontheziranimo pang'ono osawaphika. Ndimu ndi masamba amenewa amathiridwa poto ataphulidwa chifukwa fungo lake limathawa ndi moto. Kusiyana kwa supu asanathiridwe ndimu ndi atathiridwa n'kodabwitsa, moti nthawi zambiri munthu akamadandaula kuti supu wake akusowa kanthu kena kamene sakukadziwa, chosowacho chimakhala madontho ochepa a ndimu, osati mchere wina.

Popakula, yambani mwatola nsomba, ma prawns ndi ma mussels ndi chipande chabowobowo n'kugawa m'mbale zakuya, kuti aliyense alandire chilichonse, kenako thirani msuzi pamwamba. Buledi wokhuthala wowotcha pang'ono, wopakidwa kano ka adyo kamuwisi akadali wotentha, ndiye mnzake weniweni wa supu ameneyu, ndipo ku Livorno amamuika pansi pa mbale n'kuthira supu pamwamba pake kuti amwe msuzi. Mpunga woyera nawonso umayenera. Ikani mbale ina yopanda kanthu pakati pa tebulo yotayiramo zigoba, ndiponso uzani odya kuti asamale ndi minga, makamaka ngati pali ana. Musanayambe n'komwe kuphikira alendo, afunseni ngati pali wina amene thupi lake limadana ndi ma prawns, nkhanu kapena nkhono, chifukwa kwa munthu wotero kuchotsa zinthuzo m'mbale mwake sikuthandiza, popeza msuzi wonse waphikidwa ndi makoko ake, ndipo ena amatupa kukhosi mpaka kulephera kupuma.

Zotsala zisakhale patebulo kupitirira maola awiri. Chotsani ma mussels m'zigoba zake, tsanulirani supu m'chiwiya chosazama kuti azizire msanga, ndipo muike mufiriji yozizira pansi pa madigiri 5, kuti adyedwe mawa lake kapena mkuja basi. Potenthetsa, yambani mwatola nsomba ndi ma prawns n'kuziika pambali, wiritsani msuzi wokha, kenako chepetsani moto n'kuzibwezeramo mpaka zitatentha bwino m'kati, ndipo musatenthetse supu yemweyo kawiri. Ngati mukufuna kusunga mufiriza, sungani msuzi wa tomato ndi minga wokha nsomba zisanalowe, umene umakhala bwino kwa miyezi itatu, ndipo tsiku lophika mudzangousungunula, kuuwiritsa, n'kuikamo nsomba zatsopano motsatira dongosolo lija la mphindi 10.